Mafuta ogula kunja ndi mapulani a nkhondo: mafunso ndi mayankho

Lachitatu loyamba la mwezi likafika mtengo wa petulo n'kusintha, nkhani imodzimodzi imabuka paliponse pamene Amalawi a kuno ku Joni akumana: m'magaraji momwe ambiri timathira mafuta m'galimoto za eni, pa Park Station podikira basi yakumudzi, m'mayadi a mathiraki, panja pa tchalitchi ku Rosettenville kapena pa mzikiti ku Mayfair. Wina amati ndi Iran, wina amati ndi America, wina amati China ikukonzekera nkhondo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerezedwabwerezedwa. Za South Africa ndi zakumudzi zili chakumapeto, koma zimveka bwino mukayamba mwawerenga funso la Japan.

Mafuta akulowa bwanji pa nkhani ya nkhondo? Si asilikali ndi mfuti zimene zimapambana?

Mfuti siyenda yokha. Kasinja amamwa dizilo, ndege ili ndi mafuta ake, sitima yankhondo chimodzimodzi, ndipo kumbuyo kwa msilikali aliyense kuli mzere wa malole onyamula chakudya, madzi, mankhwala ndi zipolopolo. Malolewo akaima, nkhondo yaima.

Zinayamba kuonekera bwino ku Britain. Winston Churchill atakhala nduna yoyang'anira asilikali apamadzi mu 1911, analimbikira zoti sitima zankhondo zisiye malasha ziyambe kuyendera mafuta, chifukwa sitima yotero imathamanga ndipo siifuna chigulu cha anthu oponya malasha m'ng'anjo. Koma malasha anali pakhomo, ku Wales, pomwe mafuta kunalibe. Mu 1914 boma linagula 51 peresenti ya kampani ya Anglo-Persian Oil Company, yomwe lero ndi BP. Kuyambira pamenepo asilikali a Britain anasenza ntchito ziwiri, kumenya mdani komanso kulondera njira imene mafuta awo amadzera. Nkhani yathu yonse yagona pa ntchito yachiwiriyi.

Dziko lodalira mafuta akunja limene akuluakulu a nkhondo amalikamba kwambiri masiku ano ndi liti?

Ndi China. Kale inkadzidalira, makamaka chifukwa cha zitsime za ku Daqing zomwe zinapezeka mu 1959, mpaka inkagulitsako ku Japan. Mu 1993 zinatembenuka, mafuta ogula kunja anaposa ogulitsa kunja. Mu 2017 inapitirira America n'kukhala dziko logula mafuta osayenga ochuluka kwambiri padziko lonse, ndipo mu 2023 inkalowetsa migolo yoposa 11 miliyoni tsiku lililonse. Mgolo umodzi ndi malita 159. Pa malita 10 alionse a mafuta osayenga amene China imagwiritsa ntchito, oposa 7 ndi ochokera kunja.

America inayenda ulendo wobwerera. M'zaka za m'ma 1970 ndiyo inkasowa tulo, maiko a Aluya ataimana mafuta mu 1973, moti mu Januwale 1980 pulezidenti Jimmy Carter analengeza kuti dziko lake lidzatumiza asilikali ngati wina afuna kulanda dera la Persian Gulf. Kenako luso loswa miyala ya pansi pa nthaka ku Texas ndi North Dakota linachulukitsa mafuta, ndipo mu 2020 America inagulitsa kunja ochuluka kuposa amene inagula. Ndiye lero zili chonchi: wina mafuta ali nawo pakhomo ndipo sitima zake zankhondo zili m'nyanja zonse, mnzakeyo mafuta ake amaoloka nyanja zomwezo.

Malacca amene amatchulidwatchulidwayu ndi chiyani?

Ndi mpata wa panyanja pakati pa Malaysia ndi chilumba cha Sumatra cha ku Indonesia. Ndi wautali makilomita oposa 800, koma chakufupi ndi Singapore umapanikizana mpaka kutsala makilomita osakwana 3. Sitima zoposa 80,000 zimadutsapo pa chaka, ndipo pafupifupi 80 peresenti ya mafuta amene China imagula kunja amadzera pomwepo. Mu Novembala 2003 mtsogoleri wa China wa nthawiyo, Hu Jintao, anachenjeza akuluakulu a chipani chake za chiopsezo chimenechi, ndipo kuyambira pamenepo chakhala pakamwa pa olemba mapulani a nkhondo.

Chomwe chimawawa ndi anansi a mpatawo. Sitima zankhondo za America zimaima pa doko la Changi ku Singapore. India, yomwe sagwirizana ndi China pa za malire, ili ndi likulu la asilikali ku zilumba za Andaman ndi Nicobar, pakhomo penipeni polowera kuchokera kumadzulo. Chakumwera, pakati pa nyanja ya Indian, pali Diego Garcia pomwe America imasunga ndege ndi zida.

Ndalama ali nazo, ogulitsa ndi ambiri. Bwanji osangogula kwina?

Amagula kwina kale. Russia ndiyo inali patsogolo mu 2023, kenako pali Saudi Arabia, Iraq, Oman, Brazil, Angola ndi ena. Angola tiitchule mwapadera, chifukwa kuyambira 2004 inalandira ngongole zikuluzikulu za China zobweza ndi mafuta. Koma kusintha wogulitsa sikusintha nyanja. Mafuta a ku Luanda amazungulira Cape, a ku Basra ku Iraq amatuluka pa mpata wa Hormuz, onsewo amakakumana pa Malacca.

Zili ngati munthu amene njira yake ya ku mjigo imadutsa pabwalo la mnansi amene akukangana naye za malire a munda. Madzi alipo, ndowa ali nayo, koma m'mawa uliwonse amayamba wasuzumira kaye ngati mnansi wadzuka bwino.

Hormuz ndi khomo lina lotero, pakati pa Iran ndi Oman. Mu 2023 panadutsa migolo pafupifupi 20 miliyoni pa tsiku, gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta onse amene dziko lapansi limagwiritsa ntchito, ndipo ochuluka ankapita ku Asia. Likulu la sitima zankhondo za America m'derali lili ku Bahrain.

China yachitapo chiyani?

Zambiri, koma sizilemera mofanana.

Zomwe zimatchuka m'nyuzipepala ndi mapaipi. Wa ku Kazakhstan unayamba kutumiza mafuta mu 2006. Wa ku Russia, wochokera ku Skovorodino kupita ku Daqing, unatsegulidwa mu 2011. Wa ku Myanmar, wochokera pa doko la Kyaukphyu kupita chigawo cha Yunnan, unayamba mu 2017. Mukaphatikiza mphamvu ya onse atatu simufika migolo 2 miliyoni pa tsiku, pomwe dziko likufuna 11 miliyoni. Komanso wa ku Myanmar uja amathiramo mafuta obwera pa sitima, ndiye umangozemba Malacca, nyanja ya Indian suizemba. Paipi sithawa, aliyense amadziwa pomwe yagona, ndipo malo opopera amaphulitsika ndi bomba limodzi. Kwa ife mapaipiwa amatamandidwa mopitirira muyeso.

Chachiwiri ndi sitima zankhondo. Mu Disembala 2008 China inatumiza sitima ku Gulf of Aden kukalimbana ndi achifwamba a panyanja a ku Somalia, ndipo sinasiye mpaka lero. Kumeneko ndiko asilikali ake anaphunzirira kukhala miyezi kutali ndi kwawo. Mu 2017 inatsegula malo ake oyamba a asilikali kunja kwa dziko, ku Djibouti. Sitima yoyamba yonyamula ndege, Liaoning, inayamba ntchito mu 2012, yachiwiri, Shandong, mu 2019. Pali mizinga ya DF-21D ndi DF-26 yopangidwira kumenya sitima zili kutali, ndiponso zilumba zochita kuunjika mchenga ku Spratly, pa nyanja ya kumwera kwa China. Zonsezi zimathandiza pafupi ndi gombe la China. Kutali, pakati pa nyanja ya Indian, kuperekeza sitima iliyonse ya mafuta n'kosatheka.

Chachitatu sichimveka phokoso, koma ndicho cholemera: kusunga ndi kuchepetsa ludzu. China yamanga nkhokwe zikuluzikulu, zina pansi pa nthaka, ndipo boma silifalitsa kawirikawiri kuchuluka kwa zomwe zilimo. Imakumbabe migolo yoposa 4 miliyoni pa tsiku m'dziko momwemo. Magetsi ake ambiri ndi a malasha okumba okha, choncho mafuta atasowa mababu sangazime. Ku Ningxia ndi ku Inner Mongolia kuli mafakitale osandutsa malasha kukhala dizilo, luso lomwe lija la Sasol.

Kodi America ingathedi kutseka njirayo nkhondo itabuka?

Kutseka ingathe. Funso ndi lakuti kutsekako kungabale chiyani, ndipo liti.

Olemba mapulani amasiyanitsa mitundu iwiri. Wina ndi woimika sitima pakhomo pa madoko a China ngati Ningbo, Qingdao ndi Dalian. Umenewu ndi woopsa, chifukwa ndi pomwe mizinga ija imafika. Wina ndi wodikirira kutali, pa Malacca ndi pa mipata ya Sunda ndi Lombok ku Indonesia, n'kumaimitsa sitima imodziimodzi. Wachiwiriwu ndi umene ambiri amaukonda, koma uli ndi minga yake.

Japan ndi South Korea, abwenzi a America, amagula pafupifupi mafuta awo onse kunja ndipo amadzera njira yomweyo. Ndiye msilikali woima pa Malacca ayenera kudziwa sitima ya bwenzi ndi ya mdani. Sitima yaikulu imanyamula migolo 2 miliyoni, mbendera yake ndi ya Panama, Liberia kapena Marshall Islands, mwini wake ali ku Greece, oyendetsa ndi a ku Philippines, ndipo katundu akhoza kugulitsidwa kangapo sitima ili pamadzi. Mapepala akhoza kulemba Busan, doko la ku South Korea, sitima n'kukakhota ikadutsa. Amalonda a mafuta a Iran aonetsa kale momwe zimachitikira: kuzimitsa makina oonetsa pomwe sitima ili, kutsanulirana mafuta pakati pa nyanja kufupi ndi Malaysia, kenako katunduyo n'kukafika ku mafakitale ang'onoang'ono a ku Shandong ali ndi dzina la dziko lina.

Munga waukulu ndi nthawi. Asilikali amamwa gawo lochepa chabe la mafuta a dziko. Ndi zokumba zake, nkhokwe ndi paipi ya ku Russia, China ikhoza kumwetsa ndege ndi akasinja ake kwa nthawi yaitali, n'kumana galimoto za anthu wamba. Oyamba kumva kuwawa ndi amataxi ndi amafakitale, osati asilikali. Ndipo mtengo ukalumpha umalumphira aliyense, ku Texas ndi ku Turffontein komwe.

Zinachitikapo kuti dziko linalowa nkhondo chifukwa chomanidwa mafuta?

Japan mu 1941, ndipo aliyense wophunzira za nkhondo amayambira pamenepa.

Nthawi imeneyo Japan inkagula pafupifupi 80 peresenti ya mafuta ake ku America, uku ikumenya nkhondo ku China kuyambira 1937. Mu Julayi 1941 italowetsa asilikali kumwera kwa Indochina, dera la Vietnam ya lero, America inatseka ndalama zonse za Japan zomwe zinali m'mabanki ake, ndipo pofika Ogasiti mafuta anasiya kupita. Ku Washington ambiri ankaganiza kuti Japan igonja, ichoke ku China. Ku Tokyo anawerengera mwina. Nkhokwe zinali ndi mafuta a zaka pafupifupi ziwiri, ndipo tsiku lililonse zinkatsika. Akuluakulu a asilikali anati ngati n'kumenya, timenye nkhokwe zikadali zodzaza.

Chomwe ankafuna sichinali Hawaii. Ankafuna zitsime za m'dziko lomwe lero ndi Indonesia, panthawiyo lolamulidwa ndi Netherlands. Kuphulitsa Pearl Harbor, doko la sitima zankhondo za America ku Hawaiiko, pa 7 Disembala 1941 kunali kuchotsa sitima za America panjira. Mu Januwale 1942 analanda Tarakan ndi Balikpapan, mu Febuluwale Palembang. Zitsime anazipeza, ndipo zomwe zinaonongedwa anazikonza.

Chomwe sanakonzekere ndi ulendo wochokera ku zitsimezo kukafika kwawo. Sitima za America zoyenda pansi pa madzi zinayamba kusaka dala sitima za mafuta. Mu 1944 gulu lalikulu la sitima zankhondo za Japan linasamukira ku Lingga, kufupi ndi Singapore, kutsatira mafuta m'malo motsatira mdani. Oyendetsa ndege atsopano ankapita kunkhondo asanaphunzire mokwanira chifukwa chosowa mafuta ophunzirira. Pofika Malichi 1945 sitima za mafuta zinalekeratu kufika, ndipo anthu anatumidwa m'mapiri kukakumba mizu ya paini kuti afinyemo mafuta a ndege.

Apa mbali iliyonse imatolapo chake. Otseka njira amati taonani, zinagwira. Enafe timati inde, koma zinatenga zaka zoposa zitatu za nkhondo yoopsa, nkhondo imene kumanako kunathandiza kuyatsa.

Nanga Germany ya Hitler?

Inkadalira zitsime za Ploiești ku Romania ndi mafakitale osandutsa malasha ngati a ku Leuna. Mu 1942 Hitler analozetsa asilikali ake kumwera, ku Caucasus, kufuna zitsime za Soviet Union za ku Maikop, Grozny ndi Baku. Maikop anaipeza mu Ogasiti zitsime zitaonongedwa kale, Baku sanafike, ndipo gulu lomwe linkateteza mbali ya ulendowo linathera ku Stalingrad. Kuyambira Meyi 1944 ndege za America ndi Britain zinalunjika pa mafakitale a mafuta, mu Ogasiti Romania inatembenuka, ndipo pa nkhondo ya ku Ardennes mu Disembala asilikali ena anasiya akasinja m'njira n'kubwerera wapansi.

Ndiye kudalira mafuta akunja kumachititsa dziko kukhala lamantha kapena lolusa?

Zonse ziwiri. Chimasiyanitsa ndi chomwe atsogoleri akukhulupirira za mawa. Akamaona kuti njira ikhala yotsegula bola asayambe ndewu, kudalirako kumawagwira dzanja. Akaona kuti njira itsekedwa ndithu, achite bwino asachite, ndiye amathamanga, monga taonera pa funso la Japan. N'chifukwa chake kuopseza kutseka njira kumagwira ntchito kuposa kutseka kwenikweniko.

Kumaumbanso mtundu wa nkhondo imene aliyense amakonzekera. Wodalira mafuta akunja amafuna nkhondo yaifupi, yothera pafupi ndi kwawo nkhokwe zisanaphwe. Mdani wake amafuna yaitali, yomenyera kutali. Mukayang'ana zida zimene China ndi America akugula, mudzaona maganizo awiriwa. Tisaiwalenso kuti mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse: Taiwan imagula kunja pafupifupi mafuta, gasi ndi malasha ake onse, ndipo China yakhala ikuyeserera kuzinga chilumbacho ndi sitima, monga inachitira mu Ogasiti 2022.

Akuti Sasol inabadwa chifukwa cha nkhani yomweyi. N'zoona?

Mbali yaikulu n'zoona. South Africa ili ndi malasha ambiri koma zitsime za mafuta ilibe. Sasol inakhazikitsidwa mu 1950, ndipo fakitale ya ku Sasolburg, makilomita pafupifupi 80 kumwera kwa Joni, inayamba kutulutsa mafuta mu 1955 pogwiritsa ntchito luso losandutsa malasha kukhala mafuta la Fischer-Tropsch, lochokera ku Germany. Poyamba inali yaing'ono. Chinaikulitsa ndi mantha.

Mu 1973 maiko a Aluya anaika South Africa pa mndandanda wa osagulitsidwa mafuta. Boma latsankho linatsamira pa Shah, mfumu ya ku Iran, yemwe anafika popereka pafupifupi 90 peresenti ya mafuta osayenga. Mu 1979 Shah anagwa, boma latsopano la Iran n'kutseka mpopi. Pamenepo ndi pamene mafakitale a Sasol a ku Secunda anakula mwaliwiro: Sasol Two inayamba mu 1980, Sasol Three mu 1982. Boma linali litayamba kale kubisa mafuta m'migodi yakale ya malasha ku Ogies, ndipo linamanga matanki akuluakulu ku Saldanha okwana migolo pafupifupi 45 miliyoni. Kulemba m'nyuzipepala komwe mafuta akuchokera unali mlandu.

Otsalawo ankagula mozemba, pa mtengo wokwera, kudzera mwa madobadoba. Nkhani yotchuka ndi ya sitima ya Salem, yomwe inatsitsa mafuta a ku Kuwait mobisa ku Durban mu Disembala 1979, kenako n'kumizidwa dala kufupi ndi Senegal mu Januwale 1980 kuti zioneke ngati katundu wamira. Ku Amsterdam kunali bungwe la Shipping Research Bureau lomwe ntchito yake inali kulondola sitima zozembazi. Pulezidenti wa nthawiyo P.W. Botha mwiniwake anavomera mu 1986 kuti pakati pa 1973 ndi 1984 dziko linalipira R22 biliyoni yapamwamba chifukwa cha chiletsocho.

A Umkhonto we Sizwe, gulu lankhondo la ANC, ankadziwa pomwe pali chilonda. Usiku wina kumayambiriro kwa Juni 1980 anaphulitsa matanki a Sasol ndi a fakitale yoyenga ya Natref ku Sasolburg, moto n'kuyaka masiku angapo. Komabe onani bwino: chiletso sichinaimitse galimoto imodzi ya asilikali ku Angola kapena m'malokeshoni. Chinadya chuma pang'onopang'ono. Izi zikugwirizana ndi zomwe tanena pa funso la America lija, kuti asilikali ndi omaliza kumva ludzu.

Kwathu kuno kumwera kwa Africa kunachitikapo kutseka njira ndi sitima zankhondo?

Kunachitika, pa Beira. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia (lero Zimbabwe) popanda chilolezo cha Britain mu Novembala 1965, sitima zankhondo za Britain zinalondera doko la Beira kuyambira 1966 mpaka 1975 kuti mafuta asalowe mu paipi yopita ku Umtali, komwe lero ndi Mutare. Paipiyo inaumadi. Koma mafuta ankalowabe pa njanji kudzera ku Lourenço Marques (lero Maputo) ndi pa msewu kudzera ku Beitbridge, ndipo lipoti la Bingham la 1978 linaulula kuti makampani a ku Britain omwewo anali m'kati mwa malondawo. Zaka zisanu ndi zinayi kulondera khomo lakumaso, lakuseri lili pululu.

Amene anavutika msanga ndi Zambia, yomwe mafuta ake ankadzera ku Rhodesia. Anachita kubweretsa pa ndege ndi pa msewu woipa wa ku Dar es Salaam, mpaka paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kukafika ku Ndola, inatha mu 1968.

Ndi zoona kuti asilikali a Malawi anakamenya nkhondo ku Mozambique chifukwa cha njira?

Ndi zoona, ndipo akuluakulu ena amene tili nawo kuno anazionera pafupi. Pafupifupi katundu yense wa Malawi, mafuta omwe, ankadzera pa njanji za Beira ndi Nacala. Pofika 1984 zigawenga za RENAMO zinali zitadula zonse ziwiri. Katundu anayamba kudzera ku Durban, ulendo wa makilomita oposa 3,000 polambalala kudzera ku Zambia, pomwe Beira ili makilomita pafupifupi 650 pa njanji kuchokera ku Blantyre. Olimba mtima ankadutsa ku Tete pa mdipiti wa mathiraki woperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe. Zimbabwe yomweyo inali itatumiza asilikali kukalondera paipi ya Beira kuyambira 1982, chaka chomwe matanki a mafuta pa dokolo anaphulitsidwa, ambiri n'kuloza chala asilikali a South Africa.

Malawi ndi Mozambique anasaina mgwirizano wa chitetezo mu Disembala 1986, ndipo mu 1987 asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala, ena osabwerako. Kamuzu anali pa ubwenzi ndi Pretoria, koma asilikali ake anakaima moyang'anizana ndi gulu lomwe Pretoria inkalidyetsa. Njira ya mafuta inaposa ubwenzi.

South Africa ya lero ndi yotetezeka, poti Secunda ilipo?

Osati monga kale. Secunda ingathe kutulutsa migolo pafupifupi 150,000 pa tsiku, zosakwana theka la zomwe dziko limamwa. Fakitale yoyenga ya Engen ku Durban inapsa mu Disembala 2020 ndipo sinayambirenso. Sapref, yaikulu kuposa onse, inaima mu 2022, kenako inagulitsidwa ku kampani ya boma pa mtengo wa R1. Choncho petulo ndi dizilo wambiri tsopano amabwera woyengayenga pa sitima, ochuluka kuchokera ku Gulf ndi ku India. Mafuta osayenga ukhoza kuwagula kwa aliyense, koma dizilo woyengedwa kale ali ndi ogulitsa ochepa.

Gauteng ili kumapeto kwa paipi ya Transnet yochokera ku Durban, n'chifukwa chake petulo wa kuno amadula kuposa wa kugombe. Madzi osefukira a mu Epulo 2022 ataononga njanji ku KwaZulu-Natal, bwalo la OR Tambo linasowa mafuta a ndege popanda mdani aliyense kuwombera. Za nkhokwe nazo zili ndi mbiri yake: migolo 10 miliyoni ya ku Saldanha inagulitsidwa mu 2015 mwa njira imene khoti linaithetsa mu 2020.

Njira yozungulira Cape ili ndi phindu lanji pa nkhani imeneyi?

Ndi njira imene dziko lapansi limaikumbukira kwina kukatsekeka. Ngalande ya Suez itatsekedwa kuyambira 1967 mpaka 1975, mafuta a ku Gulf opita ku Ulaya ankadutsa kuno, ndipo ndi nthawi imene sitima zikuluzikulu zija zinachuluka. Boma latsankho linkagwiritsa ntchito mfundo imeneyi pokopa maiko a azungu, ndipo Britain inali ndi mgwirizano wogwiritsa ntchito doko la Simon's Town kuyambira 1955 mpaka 1975. A Houthi a ku Yemen atayamba kumenya sitima pa Red Sea mu Novembala 2023, makampani ambiri anabwereranso ku Cape, ulendo n'kutalika ndi masiku khumi kapena kuposerapo. Ndiye musadabwe kuti maiko akuluakulu anatsegula maso pamene South Africa inachita masewera a nkhondo ndi China ndi Russia kufupi ndi Durban ndi Richards Bay mu Febuluwale 2023.

Galimoto zamagetsi sizithetsa nkhani yonseyi?

Zikuchepetsa. Mu 2024 panali miyezi imene galimoto zoposa theka zogulitsidwa ku China zinali zamagetsi kapena zophatikiza magetsi ndi petulo, ndipo boma la Beijing limaona zimenezi ngati chitetezo, osati za chilengedwe zokha. Koma ndege yankhondo siyendera batire, ndipo mapulasitiki, mankhwala ndi phula zimachokerabe ku mafuta. Pa mabatire mpando watembenuka: China ndiyo imayenga miyala yambiri yofunika, kuphatikizapo cobalt wa ku DRC, ndipo odandaula za njira tsopano ndi America ndi Ulaya.

America ndi China atamenyanadi, kumudzi zingafike bwanji?

Zingafike msanga kuposa ku Beijing. Malawi alibe chitsime, alibe fakitale yoyenga, alibe doko. Dontho lililonse limabwera pa thanki kapena pa njanji kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi madola. Mtengo ukakwera padziko lonse, sitima imapita kwa wolipira msanga, ndipo dziko losowa ndalama zakunja limakhala kumapeto kwa mzere. Tinaziona mu 2011 popanda nkhondo iliyonse: galimoto kugona pa malo omwetsera mafuta, zigubu za pamsika wakuda, mpaka zionetsero za pa 20 Julayi zomwe zinaphetsa anthu pafupifupi 20. Chisokonezo cha pambuyo pa chisankho cha ku Mozambique mu 2024 chinakumbutsanso kuti msewu wa Beira si wathu.

Chitetezo chomwe chilipo ndi nkhokwe za NOCMA ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, za malita 60 miliyoni zonse pamodzi, ndi ethanol wa nzimbe wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa wosakaniza ndi petulo. Nkhokwe imathandiza ikakhala yodzaza, ndipo kuidzaza kumafunanso madola omwewo. Ethanol sathandiza dizilo, pomwe chigayo, thiraki ya feteleza ndi jenereta ya chipatala zimamwa dizilo. Kwa ife otumiza ndalama kumudzi, zimatanthauza kuti randi yomweyo igula matumba ochepa.

Tikamamva nkhani pa wailesi, tiziyang'ana chiyani kuti tidziwe kuti zavutadi?

Zolankhula za andale muzimvere ndi khutu limodzi. Yang'anani makampani a inshuwalansi ku London: akakweza mtengo wotetezera sitima zodutsa dera lina, kapena akakana kumene, sitima zimaima zokha popanda msilikali kuzitseka. Yang'anani ngati makampani akuluakulu ngati Maersk ayamba kusintha njira. Yang'anani mtengo wa dizilo kuposa wa petulo, chifukwa dizilo ndiye amayamba kusowa. Ndipo maboma akayamba kutsegula nkhokwe zawo, monga America inachitira mu Malichi 2022 polengeza kutulutsa migolo 180 miliyoni Russia italowa m'Ukraine, dziwani kuti iwo eni aona kuti si za sabata imodzi. Amene muli ndi katundu wopita kumudzi, funsani a mathiraki mtengo nthawi yomweyo, Lachitatu loyamba la mwezi wotsatira lisanafike.